Ziwengo za nshawa: thupi limazolowera, koma siliiwala msanga

Mu 2020 bungwe la FDA, loona za cakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza mankhwala ochedwa Palforzia othandiza ana amene amawengedwa ndi nshawa. Mankhwalawa ndi ufa wa nshawa woyezedwa bwino, umene mwana amapatsidwa tsiku lililonse, kuyambira pa mlingo wocepa kwambiri kufikira mamiligalamu 300, amene afanana ndi nshawa imodzi. Funso lalikulu ndi lakuti: kodi mwana wotere amaciradi, kapena thupi lake limangozolowera kwa kanthawi?

Mwa munthu wowengedwa, citetezo ca m'thupi cimaona nshawa ngati mdani ndipo cimapanga asilikali ochedwa IgE. Munthuyo akadya nshawa, asilikaliwa amacititsa kuti thupi lituluke zidzolo, milomo itupe, ndipo nthawi zina mmero umatsekeka mpaka kufa. Cithandizo cikayamba, IgE imayamba yakwera, kenaka imatsika pang'onopang'ono. Pa nthawi imodzimodziyo asilikali ena ochedwa IgG4 amaculuka, ndipo amagwira zakudya za m'nshawa zisanafike kwa IgE.

Zotulukapo zake zinaoneka pa kafukufuku wa PALISADE mu 2018. Pa ana 100 alionse a zaka 4 mpaka 17 amene analandira ufawu, 67 anakwanitsa kudya mlingo wofanana ndi nshawa ziwiri popanda vuto lalikulu. Pa ana amene anapatsidwa ufa wopanda nshawa, 4 okha pa 100 ndiwo anatero. Kwa makolo, ici citanthauza kuti mwana akadya mwangozi kacidutswa ka nshawa kusukulu, moyo wake sukhala pa ciopsezo cacikulu.

Komabe kuzolowera si kucira. Kafukufuku wa IMPACT, wofalitsidwa mu 2022, anaona ana a zaka 1 mpaka 3 ku America. Atatha masabata 134 a cithandizo, 71 pa 100 anali atazolowera nshawa. Koma atasiya kudya nshawa kwa masabata 26, 21 okha pa 100 ndiwo anapitiriza kuzipirira. Amene anapindula kwambiri ndi ana aang'ono ndiponso amene anayamba ali ndi IgE yocepa. Ici cionetsa kuti citetezo ca m'thupi cimaphunzitsika bwino mwana akali wamng'ono.

Cithandizoci cili ndi ngozi zake. Mu 2019 akatswiri a pa McMaster University ku Canada anasanthula kafukufuku wosiyanasiyana 12, ndipo anapeza kuti olandira cithandizo amagwidwa ndi ziwengo zoopsa pafupifupi kuwirikiza katatu kuposa amene amangopewa nshawa. N'cifukwa cake mlingo umakwezedwa m'cipatala cabe, madokotala ali pafupi ndi jekeseni ya adrenaline.

Muno m'Zambia nshawa zimasinjiridwa m'ndiwo ndi m'phala la ana, ndipo mwambo umenewu uli ndi ubwino. Kafukufuku wa LEAP wa ku London mu 2015 anasonyeza kuti makanda amene ali pa ciopsezo akayamba msanga kudya zakudya za nshawa, ziwengo zimacepa ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Koma mwana amene watupa kale kapena kubanika atadya nshawa sayenera kuzolowezedwa kunyumba. Afunika kusiya nshawa ndi kuonana ndi dokotala.