Si Botolo Lidapha Robin Williams

Akonzi,

Mwalemba kuti katswiri wa nthabwala Robin Williams adadzipha chifukwa cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pamenepa mwamulakwira malemuyo. Atamwalira pa 11 Ogasiti 2014 ku California ali ndi zaka 63, madokotala adapima thupi lake ndipo sadapezemo mowa kapena mankhwala oletsedwa. Adapeza matenda a muubongo otchedwa Lewy body dementia, amene amasokoneza tulo ndi maganizo, nkudzetsa mantha ndi nkhawa. Ali moyo adangomuuza kuti akudwala Parkinson's. Munthu amene ankadya ndi liwiro la nzeru zake ankaona nzeruzo zikumuthawa, osadziwa chifukwa.

Mwina munena kuti mbiri ya kumwayo njoona. Indedi, ndipo mwini wake sankabisa. Koma adaleka kumwa mnzake John Belushi atamwalira mu 1982, nakhala zaka pafupifupi 20 osalawa, ndipo atagwanso adapita kukalandira thandizo mu 2006. Ameneyu ndi munthu wolimbana ndi matenda, osati womwerekera mwadala. Mukamulemba ngati chidakwa chodzifunira tsoka, wowerenga amene akuvutika maganizo lero aziopa kuulula, ndipo kuchipatala sapita. Chonde konzani nkhaniyo.

Wowerenga wanu wokhudzidwa