Bambo wa ku fakitale amene nyimbo zawo zinafika pa siteji

Mu 2023, gulu la Minnesota Opera ku America linaonetsa sewero loimba lotchedwa The Song Poet. Ndi nkhani ya a Bee Yang, bambo wa mtundu wa Hmong amene anathawa nkhondo ku Laos n'kukathera pa ntchito ya m'fakitale ku Minnesota. Seweroli linachokera m'buku lomwe mwana wawo, Kao Kalia Yang, anatulutsa mu 2016.

Mwina dzina loti Hmong mukulimva koyamba. Ambiri mwa anthu a m'mapiriwa anamenya nkhondo ya ku Laos kumbali ya America, motsogozedwa ndi Vang Pao, bungwe la CIA likuwapatsa zida mwachinsinsi. Mu 1975 a Pathet Lao atalanda boma, America inanyamuka, iwo n'kutsala pamoto. Mabanja anawoloka mtsinje wa Mekong kupita ku Thailand, ena n'kumira panjira. Kao Kalia anabadwira mu kampu ya Ban Vinai mu 1980.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti a Bee Yang anali kale mmisiri wa mawu. Ankaimba kwv txhiaj, ndakatulo zoimba zimene munthu amapekeramo za chikondi, umasiye kapena kulakalaka kwawo. Kwa a Hmong mbiri inkasungidwa pakamwa. Zilembo zomwe ambiri amalembera chinenero chawo lero zinakonzedwa m'zaka za m'ma 1950 zomwezi. Ngakhale chitoliro chawo cha nsungwi, qeej, pamaliro chimatengedwa kuti chikulankhula, kulondolera mzimu wa malemu njira ya kwa makolo. Ndiye taganizani munthu wotere ali pa makina tsiku lonse, abwana akumuona ngati mbuli poti Chingerezi chikumuvuta.

Kunena zoona, opera ndi chinthu cha ku Ulaya, ndipo ndimakayika ngati kwv txhiaj ingalowemo osataya kakomedwe kake. Komabe sindingawadzudzule. Achinyamata ambiri a Chihmong obadwira ku St. Paul kapena Fresno sangatsatire bwino chinenero chakuya cha nyimbo za agogo awo. Ena m'banja mwawo za Mekong sizikambidwa n'komwe, chifukwa akuluakulu zimawawawa. Mwana wotereyo akakhala mu holo n'kuona munthu wofanana ndi bambo ake akuimba za kuwoloka mtsinjewo, mwina pobwerera kunyumba apeza poyambira kufunsa.