Wokonza Mawu Pabwalo Ayenera Kuphunzira Luso Lake

M'chaka cha 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa. Malo amene kale adali ndende adasanduka bwalo la oimba, ovina ndi ochita zisudzo. Koma khamu likamaomba m'manja pamalo otere limaombera woimba yekha. Munthu wokhala pa mikisa, amene wafikitsa mawuwo m'khutu la aliyense, palibe womukumbuka. Ntchito ya munthu ameneyu iyenera kuganiziridwa mofatsa ndi achinyamata otsiriza sukulu m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi aphunzitsi awo.

Kuchokera ku Mponela ndi Madisi kukafika ku Malomo, nyengo yokolola ikatha, maukwati, zikondwerero za makwaya ndi misonkhano zimachuluka, ndipo zonsezi zimafuna zokuzira mawu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amayesa kuti aliyense wotha kusenza sipika ndi kulumikiza nthambo ndi katswiri basi. Mapeto ake kwaya imene yakonzekera miyezi itatu imaimba osamveka, ndipo mwini zipangizo amabwerera kwawo ndi ampulifaya yakupsa.

Chikhalirecho maziko a luso limeneli ali kale m'phunziro la Physics. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Motero sipika yachiwiri ikaikidwa mamita 34 kuchokera pa yoyamba, okhala pafupi nayo amamva liwu lililonse kawiri, pokhapokha wokonzayo ataichedwetsa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Kulira kolasa m'makutu kuja si ufiti ayi: kumadza pamene maikolofoni yatolanso mawu otuluka m'sipika ndi kuwabwezera m'makina mobwerezabwereza. Mankhwala ake ndi kuika masipika kutsogolo kwa oimba, osati kumbuyo kwawo. Nawonso masipika awiri a maohmu 8 akalumikizidwa mogawana mphamvu amakhala maohmu 4; akakhala anayi amatsika kufika pa 2, ndipo ampulifaya yosapangidwira katundu wotere imatentha ndi kufa.

Koposa zonse pali nkhani ya makutu. Phokoso lopitirira madesibelo 85 likamvedwa kwa maora 8 limayamba kuwononga khutu, ndipo likakwerapo ndi madesibelo 3 okha nthawi imeneyo imatsika ndi theka. Kodi paukwati ndani amaunjikana pakamwa penipeni pa sipika? Ndi ana. Khutu likafa motere silidzukanso. Wokonza mawu wosaphunzira amagonthetsa ana a eni ake iye akuyesa kuti akuwasangalatsa.

Ena adzati zipangizo n'zokwera mtengo. Izi n'zoona, koma kuphunzira sikulira kuti munthu agule zake. Mipingo yambiri ndi sukulu zina za sekondale zili nazo kale zokuzira mawu, zimene zimangotsekeredwa m'kabati kudikira tsiku la mwambo. Aphunzitsi azitulutse pophunzitsa za mafunde a mawu ndi lamulo la Ohm, ndipo magulu a zisudzo ndi makwaya asankhe wophunzira woziyang'anira. Wotsiriza sukulu apemphe kutumikira pansi pa mmisiri wodziwa, asachite manyazi kuyamba ndi kukulunga nthambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Oimba m'maboma awiriwa alipo ochuluka. Chosoweka ndi amisiri oti awamveketse.