“Ndilemba ndikakonzeka”

Kuyambira Sitandade 8 mpaka lero, sindinasankhepo ndekha tsiku la mayeso. A MANEB ankatulutsa timetable, aphunzitsi n'kuimata pa bolodi, ife n'kuikopera kuseri kwa kope. Kuno ku yunivesite n'chimodzimodzi. Timetable ikatuluka timadandaula kuti atiunjikira mapepala awiri tsiku limodzi, koma tikatha kudandaulako timanyamula mabuku ulendo ku laibulale, poopa kuwidedwa. Zaka zonsezi ndinkaona ngati akutipondereza. Chaka chino maganizo anga asintha, nditaonerera msuweni wanga akuzunzika ndi ufulu womwe ine ndinkaulakalaka.

Asisi amenewa ndi mwana wa azakhali anga. Anapita ku America ali aang'ono, amakhala ku Indiana, ndipo ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a udokotala wa mano. Kumeneko digiri yokha sikupatsa chilolezo chotsegula pakamwa pa munthu pawekha. Uyenera kukhoza mayeso a dziko lonse otchedwa INBDE, okonzedwa ndi bungwe la Joint Commission on National Dental Examinations, kuphatikizapo mayeso ena oonetsa luso la manja. INBDE inayamba mu 2020, kulowa m'malo mwa mayeso awiri akale, NBDE Part I ndi Part II. Ndi mafunso 500 a pa kompyuta, olembedwa masiku awiri: 360 tsiku loyamba, 140 tsiku lachiwiri. Zotsatira zake sizibwera ndi mapointi ngati a MSCE. Ukakhoza amangokuuza kuti wakhoza, basi. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti kulibe timetable. Ukalembetsa, ukalipira, akakuvomereza, umalowa pa intaneti n'kusankha wekha tsiku ndi malo a kampani ya Prometric amene ukalembereko.

Atandifotokozera pa WhatsApp ndinati, “Asisi, inu ndiye muli pabwino. Ife kuno amangotikusa ngati ng'ombe zopita ku dibi.”

Anaseka, koma kuseka kotopa. “Iwe sukudziwa. Bola akanandikusa ineyo.”

Mu Meyi anandiuza kuti alemba mu Ogasiti. Ogasiti itakwana anali asanalembetse n'komwe. Sikuti ankagona ayi. Makhadi a Anki ankawadutsa tsiku lililonse, mavidiyo a Mental Dental pa YouTube ena anawaonera kawiri, manotsi anali ndi mitundu itatu ya inki. Koma nthawi iliyonse ndikafunsa, panali chatsopano choti chithe kaye. Ndikamaliza za mankhwala. Ndikabwereza matenda a m'kamwa. Odwala ku kiliniki ya pasukulu akachepako. Pofika Seputembala anandivomera kuti zimene anawerenga mu Meyi zambiri zinali zitauluka, ndiye afunika ayambirenso.

Apa m'pamene ndinayamba kuganiza kuti mawu akuti “ndilemba ndikakonzeka” ndi bodza limene timadzinamiza nalo tili ndi mtima wabwino. Ndikuti bodza chifukwa kukonzeka kumene tikunenako kulibe mzere womwe ungawoloke n'kudziwa kuti wafika. Tangoonani mmene mafunso a INBDE amakhalira. Ambiri amayamba ndi kabokosi kofotokoza wodwala: zaka zake, chimene chamubweretsa, matenda amene ali nawo kale, mankhwala amene akumwa. Mwachitsanzo, bambo wachikulire wa matenda a shuga, akumwa warfarin, dzino lake likufunika kuzula. Warfarin amachedwetsa kuundana kwa magazi, shuga wosasamalidwa amachedwetsa bala kupola, ndipo funso limodzi likufuna kuti udziwe zonsezo pakamodzi n'kusankha choyamba kuchita. Kapena mtsikana wa khunyu amene nkhama zake zakula mpaka kuyamba kuphimba mano, iwe uyenera kukumbukira kuti mankhwala a phenytoin amachita zimenezo. Mayeso otere sungawamalize kuwerengera ngati mmene umamalizira buku. Odwala ongopeka angathe kusakanizidwa m'njira zosawerengeka. Ukadikira tsiku loti udzadzuke ukumva kuti palibe funso lingakugwetse, udikira mpaka imvi.

Chinanso, ndipo ichi ndikuchidziwa kuchokera pa tebulo langa lomwe, munthu wopanda tsiku amawerenga zimene amazikonda. Ine ndikakhala ndi nthawi yambiri ndimabwereza mutu umene ndimaumva kale, chifukwa umandipatsa kamtendere koti ndine wanzeru. Mutu wondivuta ndimausungira mawa. Koma timetable ikatuluka, masamu amayamba okha: kwatsala masiku 20, mitu ilipo 12, itatu sindikuidziwa n'komwe, ndiye lero ndiyambira pa yowawayo. Masamu amenewa sangachitike popanda nambala ya masiku. Asisi anali ndi zida zonse zowerengera, chimene analibe chinali nambala yoti agawire mituyo.

Azakhali anga sagwirizana nane, ndipo sindingawapeputse. Iwo amagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo ndalama ya mayesowa, yomwe ndi madola mazanamazana, imachoka m'maola amenewo. Atamva kuti ndikukakamiza mwana wawo, anandiimbira okha. “Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukufuna akagwe?” Mfundo yawo ili ndi mano. Ukalephera INBDE umadikira kaye nthawi yoikika usanabwerezenso, umalipiranso ndalama yonse, ndipo lamulo limati ukhoze pasanathe zaka 5 chilembere koyamba kapena usanapitirire maulendo 5. Kuthamangira kukalemba chifukwa anzako a m'kalasi aika zithunzi pa Instagram zoti akhoza ndi uchitsiru wodula.

Komabe ndinawayankha, mwaulemu ndithu, kuti kudikira nako kuli ndi mtengo, kungoti sikupereka risiti. Kulephera kumaoneka, aliyense amakudziwa, n'chifukwa chake timakuopa. Miyezi inayi yowerenga n'kuiwala palibe amaiwerengetsa. Malo olembera nawo sadikira munthu. Pamafunika masiku awiri oyandikana, ndipo nyengo imene ophunzira ambiri akufuna kulemba, masiku abwino amatha msanga, wochedwa n'kutsala ndi sabata imene ili ndi odwala ambiri ku kiliniki kapena tauni yakutali yofuna hotelo. Kumapeto kwake, wopanda INBDE alibe laisensi, wopanda laisensi sayamba ntchito, pamene ngongole ya sukulu ikungokula. Akuluakulu omwewo amene anatiphunzitsa za nkhono ndi amenenso anati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Pamene ndimakumana ndi azakhali m'pakuti tsiku silisankhidwa mwa matama. Zimene asisi anadzachita pomaliza ndi zimene ndikanalangiza aliyense. Loweruka lina anakhala pansi n'kulemba mafunso oyeserera, wotchi ili pambali, osasuzumira m'buku. Zotsatira zinawakhumudwitsa, koma zinawauza zoona: za mano enieni anali bwino, pa mankhwala ndi pa matenda a thupi lonse ndi pamene ankaterereka. Kenako anatenga kalendala ya kiliniki, n'kuchotsa masabata odzadza, n'kuwerenga otsalawo. Anapeza kuti masabata 10 akwana. Usiku womwewo analembetsa, ndipo atavomerezedwa anasankha tsiku nthawi yomweyo. Tinagwirizana kuti tsikulo lingasunthidwe pa zifukwa ziwiri zokha, matenda kapena maliro. Mantha sanalowe pa mndandandawo. Kusuntha tsiku kumalipitsa, ndipo mtengo umakwera pamene tsikulo likuyandikira, zomwe ndikuona kuti zimathandiza munthu kusunga lonjezo.

Chimene chinasintha pambuyo pake ndi kawerengedwe. Mavidiyo anawasiya, kupatula pamene funso lawagwetsa ndipo akufuna kumvetsa chifukwa chake. Amadzuka 5 koloko m'mawa, kulemba mafunso asanapite ku kiliniki, madzulo n'kubwerera pa okhawo amene alakwitsa. Lamlungu lililonse amadziphunzitsa kukhala pampando nthawi yaitali, chifukwa tsiku loyamba la mayeso limatenga pafupifupi maola 8, ndipo mutu umene umayankha funso la nambala 300 suli ngati umene unayankha loyamba. Manotsi okongola aja anathera pomwepo. Popeza mayesowa ndi ongokhoza kapena kulephera, anavomereza kuti palibe mendulo ya amene wadziwa zonse, ndipo mitu ina ing'onoing'ono anaisiya dala. Kwa munthu amene wakhala nambala wani moyo wake wonse, kusiya mutu dala kunamuwawa kuposa kudzuka m'mawa.

Mwina mukudabwa kuti wophunzira za mabuku ndi mbiri akulowerera bwanji za mano, poti ngakhale kuno kwathu digiri ya udokotala wa mano inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa KUHeS. Chandikhudza n'chakuti tonse amene tikumaliza sukulu tikulowa m'dziko la asisi. Anzanga amene anamaliza chaka chatha ndikamacheza nawo ndimamva mawu omwe aja. IELTS ndilemba ndikakonzeka. Chevening ndifunsira chaka chamawa, CV ikanenepako. Zaka 16 takhala tikukusidwa, ndipo palibe kosi imene inatiphunzitsa kudziikira tsiku n'kuliopa ngati mmene tinkaopera la MANEB.

Inenso sindili pabwino. Mu Malichi aphunzitsi ondiyang'anira pa dissertation anandiuza kuti, “Chaputala chachiwiri mubweretse mukaona kuti chapsa.” Ndinatuluka mu ofesi ndikumwetulira, ndikuti koma bambo awa ndi omvetsa. Kuchokera tsiku limenelo ndawerenga mabuku ena 9, ndasintha mutu wa chaputalacho katatu, ndipo zimene ndalemba sizikwana masamba anayi.

Dzulo ndawatumizira imelo kuti ndibweretsa Lachisanu la sabata yachitatu, 10 koloko m'mawa, kaya chapsa kaya n'chachiwisi. Ayankha mawu amodzi okha ovomera, ndipo m'mimba mwanga munazizira nthawi yomweyo. Ndinajambula imeloyo n'kuwatumizira asisi. Kwawo kunali kusanache, koma anayankha pompo, ali kale pa mafunso awo a m'mawa: iwo kwatsala masiku 23, ine 17.