Phazi la mlimi lisadulidwe chifukwa cha kachilonda

Alimi anzathu, ambiri a ife amene timakhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri timadya chifukwa cha mapazi athu. Timalawirira kukwera phiri kukalima, kutsikira kudimba kukathirira mpiru, kenako n'kusenza dengu mpaka kumsika wa Limbe kapena wa Ndirande. Khasu likathyoka timagula lina, koma phazi likadulidwa palibe golosale yogulitsa lina. N'chifukwa chake lero tasiya kaye nkhani ya feteleza ndi mitengo ya mbewu kuti tikambe za zilonda za kumapazi zobwera kaamba ka matenda a shuga.

Kale tinkati shuga ndi matenda a mabwana. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi shuga. Ambiri sankadziwa n'komwe. Kalabu ya alimi 20 ikhoza kukhala ndi mmodzi wodwala.

Shuga akakhalitsa m'magazi amaononga mitsempha ya kumapazi. Phazi limachita dzanzi, mwina kutentha usiku, mpaka limasiya kumva kupweteka. Munthu wotere akhoza kuponda minga kapena chisonga m'mawa, n'kulima tsiku lonse osadziwa kanthu. Akhoza kupsa powotha mbaula mwezi wa Juni osamva. Komanso magazi sayenda bwino, choncho bala silipola msanga. Pakhungu pamaoneka kachilonda kakang'ono, pamene mafinya alowa mpaka kufupa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Vutoli si lachilendo kuno kwathu. Madokotala atayeza odwala shuga 620 pa kiliniki ya chipatala cha Gulupu, cha Queen Elizabeth, anafalitsa zotsatira mu 2010 zoonetsa kuti pafupifupi theka la odwalawo mitsempha yawo inali itaonongeka kale. Ndipo bungwe loona za shuga padziko lonse la International Diabetes Federation lakhala likunena kuti mwa miyendo 100 yodulidwa chifukwa cha shuga, yofika 85 imayamba ndi chilonda cha kuphazi. Apa mfundo ndi yoonekeratu: chilonda chikagwiridwa msanga, mwendo umapulumuka.

Nanga miyendo ikudulidwabe bwanji? Ife tikuona kuti nthawi imatayika panjira. Mlimi akaona bala nyengo yopalira amati ndimalize kaye munda. Amathirapo mchere, phulusa kapena mankhwala azitsamba, n'kumanga kansanza. Pakatha sabata ziwiri amapita kuchipatala chaching'ono, kumene mzere ndi wautali ndipo wachipatala mmodzi akuona anthu ochuluka. Ngati palibe womufunsa za shuga, amangotsukidwa bala, kupatsidwa mapiritsi n'kubwerera kumunda. Pofika kwa akatswiri chala chada bii, fungo layamba, ndipo dokotala watsala ndi njira imodzi yopulumutsira moyo: kudula.

Sitikuloza chala anamwino ndi madokotala. Iwo akugwira ntchito yolemetsa ndi zipangizo zochepa. Chimene tikutsutsa ndi dongosolo loti ukatswiri wa mapazi uzidikira wodwala kuchipatala chachikulu, m'malo momutsata kumene akukhala.

Ena adzati dziko losauka silingakwanitse, poti malungo, TB ndi Edzi zilipo kale. Koma tiyeni tiwerengere monga timachitira ndi zolowa ndi zotuluka za kumunda. Kuyeza phazi kumafuna maso, manja ndi kaulusi kapulasitiki kogunditsa kuphazi kuti aone ngati munthu akumva. Kumatenga mphindi zochepa. Kudula mwendo kumafuna opaleshoni, magazi, bedi kwa masabata angapo, ndodo zoyendera ndi mwendo wochita kupanga. Kunyumba nako, wodikirira odwala amasiya munda, ganyu amafuna ndalama, ngongole ya kalabu imakhala yosabwezedwa, ana amasiya sukulu. Chotchipa ndi chiti pamenepa?

Anzathu a ku Tanzania anayesa. Kuyambira mu 2003, pulogalamu ya Step by Step, imene mmodzi wa atsogoleri ake anali Dr Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam, inaphunzitsa madokotala ndi anamwino a zipatala za m'madera kuyeza mapazi, kuchotsa khungu lakufa pachilonda ndi kuphunzitsa odwala. Chiwerengero cha odulidwa miyendo chinatsika. Kuno kwathu, ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi boma anafikitsa makiliniki a matenda okhalitsa, kuphatikizapo shuga, m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi. Ngati zinatheka kumapiri a Neno, zingakanike bwanji ku Bangwe?

Choncho tikupempha Unduna wa Zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre ndi aphungu athu zinthu zinayi.

Choyamba, chipatala chilichonse chaching'ono, cha Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri, chikhale ndi wachipatala wophunzitsidwa za mapazi a odwala shuga, ndipo wodwala aliyense azivula nsapato poonedwa.

Chachiwiri, wa shuga amene ali ndi chilonda azitumizidwa kwa akatswiri mwachangu, osati kupatsidwa tsiku la mwezi wamawa.

Chachitatu, mankhwala a shuga, timapepala toyezera magazi ndi mabandeji zisamasowe.

Chachinayi, zipatala ziziwerenga ndi kulengeza chaka ndi chaka zilonda zimene zapola ndi miyendo imene yadulidwa. Ife timayeza zokolola ndi matumba. Thandizo lachipatala nalonso liyezedwe ndi zotsatira zake. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Tiwakumbutse lonjezoli monga timawakumbutsira la ulimi la ku Maputo la 2003.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Amene muli ndi shuga, yang'anani mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati maso akuvuta, wachibale akuonereni. Sambitsani ndi madzi osatentha, pukutani bwino, dzolani mafuta pa ming'alu koma osati pakati pa zala. Musapite kumunda opanda nsapato, ndipo kutumulani majombo musanavale. Musachekere zikundu ndi lezala, musatemere mphini kuphazi. Mukaona bala, thuza kapena kutupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani poyambirira kuti muli ndi shuga.

Chilonda chotere sichipola ngati mwini wake akuchipondabe. Apa ndi pamene kalabu ionetse ntchito yake. Mnzathu akauzidwa kuti apumitse phazi, tigawane masiku timulimire, timugulitsire masamba ake kumsika. Mutu umodzi susenza denga.

Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, apampando itanani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, ndipo pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, tikayezetse tonse pamodzi.