Mango asamangoolera pansi, tipange viniga

Chaka chilichonse mu Disembala ndi Januwale, mango amangoti mbwee pansi pa mitengo ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Amayi amatandala nawo m'mabeseni pa Namitete ndi pa Mpingu, dzuwa n'kulowa osatha, mawa lake n'kukataya kudzala. Pamsika womwewo, mnyamata wokazinga tchipisi akuthira pa kabichi viniga wogula m'sitolo. Alimi anzanga, viniga ameneyu tingathe kupanga tokha.

Chimene chimawawasa mu viniga ndi asidi wotchedwa acetic acid. Akatswiri a maiko akunja akuyesa kumupanga ngakhale kuchokera ku ndere za m'nyanja zamchere, zonga zimene amayi a ku Zanzibar akhala akulima kuyambira 1989. Ntchito yawo ndi yolimba chifukwa shuga wa mu ndere ndi womangika, amayamba amumasula ndi mankhwala kapena kutentha. Shuga wa m'bango lakupsa ndi womasuka kale.

Kapangidwe kake kali pawiri, ndipo gawo loyamba aliyense wotcheza kachasu amalidziwa. Yisiti amadya shuga n'kumusandutsa mowa. Gawo lachiwiri ndi lija ofulula amadana nalo: mowa ukakhalitsa pamphepo umasasa. Louis Pasteur wa ku France adaonetsa mu 1864 kuti amasasitsa mowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timafuna mpweya kuti tigwire ntchito. Vinyo wosasa amene timamumva m'Baibulo ndi yemweyu.

Sendani mango akupsa koma osaola, mufinye mnofu wokwana kilogalamu imodzi. Thirani lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, shuga magalamu 150 ndi kasupuni ka yisiti wa mandasi. Vundikirani mosathinitsa kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka thovu litaleka. Kenaka sefani, mumange kansalu koyera pakamwa pa chidebe kuti mpweya uzilowa koma ntchentche ayi, muike pamthunzi milungu inayi kufikira isanu ndi itatu. Pamwamba padzabwera kachikopa koterera. Musakataye, ndi mbewu ya ulendo wotsatira.

Chidebe chikhale chapulasitiki chosungira zakudya kapena mtsuko. Chitsulo ayi, asidi amachidya. Ndipo chigubu chimene mudali mankhwala a fodya musachiyandikire n'komwe, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Kuno kwathu zigubu zotere zili m'nyumba zambiri, n'chifukwa chake ndikunenetsa.

Ena adzati bwanji osadikira fakitale ya juwisi. Fakitale imafuna mango a mtundu umodzi, galimoto ndi msewu wabwino nthawi ya dzinja. Viniga safuna magetsi, amalola mango a maloka omwe, ndipo amasungika kufikira mango ena atapsa.

Vuto lenileni lili pa mphamvu yake. Viniga wogulitsa ayenera kukhala ndi asidi wosachepera magawo 4 pa 100, woti n'kusungira ndiwo wosachepera magawo 5 pa 100, ndipo lilime silingayeze zimenezi. Wofooka amaoletsa chakudya, banja n'kudwala. Apa mpamene ndikupempha akatswiri a ku Chitedze, amene ali pafupi ndi Mpingu pomwepa, kuti aphunzitse alangizi kayezedwe kake, ndi a Malawi Bureau of Standards kuti magulu a amayi aziwayezera pamtengo woti angakwanitse. Maphunzirowo achitike mu Okutobala, mango asanayambe kugwa.