Za M'khichini Mwathu: Soya Kapena Nyama ya Ng'ombe?

Ife ana a kunyanja amene tinabwera kuminda ya fodya kwa Njombwa ku Kasungu, chambo chachiwisi timangochilota. Nyama yozingidwa mwa Chisilamu nayonso sipezeka tsiku lililonse, choncho ambiri tathawira ku nyama ya soya ya m'mapaketi. Nanga kwa m'bale amene kuchipatala anamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha BP, yabwino ndi iti?

Soya amamanga thupi, alibe kolesterolo, ndipo sitifunsa kuti anazinga ndani. Koma zokometsera zake zimachuluka mchere, mdani wa wodwala BP. Ngakhale mabega a zomera monga Beyond Burger, amene anatuluka ku America mu 2016, amawathira mafuta ndi mchere.

Nyama ya ng'ombe yochotsa mafuta ili ndi ayironi wolowa msanga m'thupi ndiponso vitamini B12, zothandiza magazi a mayi woyembekezera. Soya alibe B12, choncho tizisinthasintha.

Chonenepetsa kwenikweni ndi mafuta okazingira ndi kuchuluka kwa mitanda ya nsima. Tiyeni tiziwiritsa ndiwo, tichepetse mchere, tionjezere nkhwani ndi chisoso, ndipo tisadye mopyola muyeso, monga chipembedzo chathu chimatiphunzitsira. Allah atipatse thanzi.